Mdani wa m'mizu adziwike ndi dzina lake

Chaka chilichonse mvula ikafika pakati, cha mu February ndi March, minda yambiri m'dziko muno imavala timaluwa tofiira, tokongola ngati tidachita kubzalidwa. Mwana wodutsa pa njira atha kuthyola kuti akaike m'botolo kunyumba. Koma mlimi akationa mtima umagwa, chifukwa amadziwa kuti chaka chimenecho nkhokwe sidzadza. Ameneyo ndi kaufiti. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa kaufiti mwambiwu sudaphonye.

Chopweteka kwambiri n'chakuti pomwe maluwawo akuonekera, ntchito yoononga imakhala itachitika kale pansi pa nthaka. Chimanga chimakhala chitapinimbira, masamba atachita chikasu ndi kupotana ngati kwachita ng'amba pomwe mvula ikugwa bwinobwino. Mlimi adagula feteleza, mwina pangongole, adapalira, adabandira, koma wadya thukuta lake ndi wina.

Zomera zomwe zimakhalira kuyamwa madzi ndi chakudya kwa zinzake zilipo za mitundu yoposa 4,000 padziko lapansi, ndipo zambiri mwa izo zimagwira m'mizu. Mpaka lero akatswiri a zomera akupezabe zina zomwe sizidalembedwepo m'buku lililonse. Nkhani yoti kwinakwake kwapezeka chomera chatsopano ndipo achipatsa dzina la Chilatini imamveka ngati zochita za anthu okhuta, osowa chogwira. Si choncho ayi. Kufufuza, kusiyanitsa ndi kutchula maina zomera zoterezi ndiye chiyambi cha nkhondo yoteteza nsima ya pabanja, ndipo dziko la Malawi likuyenera kuyamba kuiona motero ntchitoyi.

Kaufiti wa maluwa ofiira yemwe amagwira chimanga, mapira, mawere ndi mpunga wa kumtunda, akatswiri amamutcha Striga asiatica. Adalembedwa koyamba m'chaka cha 1753 ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, yemwe adamuika m'gulu lina la zomera, ndipo dzina lomwe ali nalo leroli adalilandira m'chaka cha 1891. Kuchokera pomwe adadziwika kuti iye ndi uyu, zonse zomwe anthu a kafukufuku adapeza ku India, ku South Africa kapena ku America zidayamba kuunjikana pansi pa dzina limodzi, moti mlangizi wa ku Mponela kapena ku Lunzu atha kupindula nazo lero.

Zomwe zidapezekazo ndi zodabwitsa. Njere ya kaufiti ndi yaing'ono ngati fumbi. Chomera chimodzi chitha kubereka njere zoposa 50,000, ndipo njerezo zitha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 zili zamoyo. Sizimera chifukwa choti mvula yagwa basi. Zimadikira kufikira zitamva timadzi tina tomwe mizu ya mbewu imatulutsa. Zikatimva zimamera, n'kubaya muzu wa chimanga ndi kachiwalo kake koyamwira, n'kuyamba kukoka madzi ndi chakudya. Kwa mwezi wathunthu kapena kuposa, kaufiti amakhala akudya mobisala, asadatulukire kunja.

Timadzi timeneti tidadziwika m'chaka cha 1966, pomwe akatswiri a ku America adatipeza m'mizu ya thonje n'kutipatsa dzina loti strigol. Kafukufuku wa pambuyo pake adasonyeza kuti mbewu zimatulutsa timadziti tambiri pomwe nthaka yaguga, makamaka ikasowa mchere wa fosiforasi. Ndiye chifukwa chake kaufiti amakonda munda wa munthu wosauka, wopanda manyowa ndi feteleza. Chimanga chanjala chimakhala ngati chikuitana thandizo, koma womva msanga ndi wakuba.

Thonje lomwelo lidaphunzitsanso anthu nzeru ina. Limadzutsa njere za kaufiti wofiira, koma kaufitiyo satha kuyamwa m'mizu yake, choncho amafa asadabereke. Soya, mtedza ndi nandolo nazo zimachita chimodzimodzi. Apa ndipo pachokera langizo lomwe alangizi amalalika chaka ndi chaka, loti alimi azichita kasinthasintha wa mbewu.

Koma apa pomwe ndi pomwe dzina limasanduka nkhani ya moyo. M'Chichewa mawu oti kaufiti amatchula zomera zingapo zosiyana. Pali wina wa maluwa achikasu, wotchedwa Alectra vogelii, yemwe chimanga sachilabada. Iye amagwira khobwe, soya, mtedza ndi nzama, zomwe zija mlimi amathawirako. Banja lomwe lili ndi kaufiti wachikasuyu m'munda likamva zoti mankhwala a kaufiti n'kubzala mbewu za m'gulu la nyemba, n'kubzaladi osafunsa kuti ndi kaufiti uti, limakhala lamukonzera phwando mdani. Safunsa adadya phula.

Akatswiri a m'dziko muno atasiyanitsa bwino adani awiriwa, adatha kusankha mtundu wa khobwe wopirira kwa kaufiti wachikasu, ndipo adautcha Mkanakaufiti. Khobwe ameneyu sakadapezeka pakadapanda wina wokhala pansi n'kunena motsimikiza kuti chomera ichi ndi ichi si chimodzi, ngakhale anthu amazitchula mofanana.

Kodi chomera chimadziwika bwanji kuti ndi cha mtundu watsopano? Si nkhani yongochiona n'kudabwa ayi. Wofufuza amayenera kuchipeza chili ndi maluwa, ndipo ngati n'kotheka ndi zipatso zomwe. Pa zomera zoyamwa m'mizu ntchito imakula, chifukwa amayenera kukumba mosamala kuti atsate muzu kufikira aone mtengo kapena udzu womwe chikuyamwako. Akachikumba amachipanikiza pakati pa manyuzipepala akale ndi matabwa kuti chiume chili chophwatalala. Chikakhala chonenepa, chamadzimadzi, amachisunga m'botolo la mankhwala oletsa kuola. Amalemba tsiku, malo, mtundu wa nthaka, maonekedwe ndi fungo la duwa, ndiponso dzina la yemwe wachitola.

Kenaka amachifanizira ndi zinzake zomwe zidasungidwa kale m'nyumba zosungiramo zomera zouma za m'maiko osiyanasiyana. Amayeza maluwa, amaona njere pa makina okuza zinthu, ndipo masiku ano amayezanso DNA, yomwe imasonyeza chibale cha zamoyo. Akakhutira kuti palibe chofanana nacho, amalemba mwatsatanetsatane momwe chilili ndi momwe chikusiyanirana ndi abale ake. Amasankha chomera chimodzi chouma kuti chikhale mboni ya dzinalo mpaka kalekale, n'kusindikiza zonsezi m'magazini ya sayansi pomwe akatswiri anzake atha kumutsutsa. Kale mafotokozedwewa ankayenera kukhala m'Chilatini, koma kuyambira pa 1 January 2012 Chingerezi chidaloledwanso. Ntchito yonseyi itha kutenga zaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chitsanzo chabwino ndi cha zomera zotchedwa Hydnora, zomwe zimapezeka m'maiko angapo a mu Africa ndi ku Arabia. Izi zilibe tsamba ngakhale limodzi, zilibenso kubiriwira kulikonse. Moyo wake wonse zimakhala pansi pa nthaka, zitakangamira pa mizu ya mitengo yaminga kapena ya m'gulu la nkhadze. Chomwe chimatuluka ndi duwa lokha, lonenepa, lomwe limang'amba nthaka n'kuyasama ngati kamwa. La mitundu ina limanunkha ngati nyama yovunda, ndipo fungolo limakopa zikumbu zomwe zimalowa m'kati, n'kutsekeredwa kwa kanthawi, n'kutuluka zitanyamula ufa wa duwa kupita nawo ku duwa lina. Zipatso zimapsera pansi ndipo nkhandwe, nungu ndi anyani zimakumba n'kudya. Carl Thunberg, yemwe adalemba za chomerachi m'chaka cha 1775 atachiona ku South Africa, poyamba adachiyesa bowa.

Kwa zaka zambiri, Hydnora wina wa m'chipululu cha ku Namibia ndi kumpoto chakumadzulo kwa South Africa ankamuyesa yemwe uja wa Thunberg. Koma Jay Bolin ndi Lytton Musselman a ku America, pamodzi ndi Erika Maass wa pa yunivesite ya Namibia, atayeza maluwa, kuona mitengo yomwe amayamwako ndi kuyeza DNA, adapeza kuti ndi mtundu wina. M'chaka cha 2011 adamutcha Hydnora visseri, pokumbukira Johann Visser, katswiri wa ku South Africa yemwe adalemba kwambiri za zomera zoyamwa zinzake. M'chaka cha 2018 kudalembedwanso wina wa ku Oman, Hydnora arabica. Ngati chomera cha duwa lalikulu ndi lonunkha chotere chidatha kubisala kwa akatswiri zaka zonsezo, nanga timaudzu ting'onoting'ono ta m'madambo?

Nalo banja la kaufiti likukulabe m'mabuku. M'chaka cha 2011 chomwecho kudalembedwa mitundu iwiri yatsopano: Striga barthlottii wa ku Morocco, yemwe amayamwa zomera za m'gulu la nkhadze, ndi Striga magnibracteata wa ku Guinea ndi Mali. Buku lomwe akatswiri atatu adatulutsa m'chaka cha 2001 lidawerenga mitundu 28 ya Striga mu Africa muno. Yambiri mwa iyo imakhala kutchire, pa udzu wachabechabe, ndipo siikhudza mbewu za anthu.

Wina atha kufunsa kuti, ngati zili kutchire, mlimi zikumukhudza bwanji? Yankho n'lakuti tchire likutha, ndipo pomwe padali udzu dzulo lero pali munda. Chomera chomwe chinkayamwa udzu wa m'dambo chikapeza mpunga pamalo pomwepo, chimalawa. Zidachitika kale ndi chomera cha maluwa oyera omasula madzulo chotchedwa Rhamphicarpa fistulosa. Kale chinkangotengedwa ngati duwa la m'madambo, koma chidasanduka mdani wamkulu wa mpunga wodalira mvula m'maiko angapo a mu Africa. Limodzi mwa madera omwe chasautsa alimi ndi boma la Kyela ku Tanzania, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, moyandikana ndi Karonga. Njere sizidziwa malire, siziima pa chipata kuonetsa chiphaso. Zimayenda ndi madzi, mphepo, ziboda za ng'ombe, makasu ndi mbewu yogula pa msika.

Maiko omwe ali ndi anthu odziwa kuzindikira zomera msanga amapulumuka. Kaufiti wofiira yemweyu adapezeka m'minda ya chimanga ku North Carolina ndi South Carolina ku America m'zaka za m'ma 1950. Atangodziwika kuti ndi ndani, boma lidatseka maderawo, lidaletsa kutulutsa dothi ndi zipangizo zosatsuka, ndipo lidalimbana naye kwa zaka makumimakumi kufikira adatsala pa malo ochepa kwambiri. Ku Australia adaonekera m'chaka cha 2013 pafupi ndi tauni ya Mackay, ndipo nako adathamangira kumutchingira asadafalikire. Maiko amenewa ali ndi chuma, n'zoona. Koma chuma chawocho sichikadagwira ntchito pakadapanda munthu woyamba uja wotola kachomera n'kunena dzina lake lenileni.

Dziko la Malawi silikuyambira pa ziro. Ku Zomba kuli likulu la bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1987. Kumeneko kukusungidwa zomera zouma zikwizikwi zotoledwa m'madera onse a dziko lino. Zomera za kuno zimalembedwanso m'mabuku a Flora Zambesiaca, omwe adayamba kutuluka m'chaka cha 1960 ndipo amafotokoza zomera za ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana. Kuli Chitedze, kuli Bvumbwe, kuli Bunda ndi sukulu zina za ukachenjede. Mapiri a Mulanje ndi Zomba, chitunda cha Nyika ndi nkhalango zotsala ndi malo omwe akatswiri a kunja amalipira ndege kuti adzaone.

Koma mbiri ili ndi chenjezo. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo womwe Amalawi amanyadira, umatchedwa Widdringtonia whytei potengera Alexander Whyte, mzungu yemwe adautola m'chaka cha 1891. Anthu a m'tsinde mwa phirilo adaudziwa kalekale iye asadabwere, koma maina awo sadalowe m'buku. Zomera zambiri za dziko lino mboni zake zili m'makabati a ku London ndi mizinda ina ya ku Ulaya. Palibe cholakwika kugwira ntchito ndi alendo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Cholakwika n'chakuti mwana wa ku Phalombe kapena ku Rumphi azingokhala wonyamula chikwama ndi wolozera njira, dzina lake osaoneka pa zomwe zapezekazo. Nkhani ya Hydnora visseri ikusonyeza kuti katswiri wa m'dziko momwemo atha kukhala mmodzi mwa eni ntchito.

Nthawi nayo siidikira. Akatswiri a ku Kew ku Britain amati chaka chilichonse padziko pamalembedwa mitundu yatsopano ya zomera yoposa 2,000. Lipoti lawo la m'chaka cha 2023 lidachenjeza kuti mwa zomera zinayi zilizonse zomwe sizidalembedwe, zitatu zikuoneka kuti zili kale pangozi yotheratu. Zoyamwa m'mizu ndiye zili pa mpeni weniweni, chifukwa mtengo womwe zimadalira ukagwa ndi nkhwangwa ya wootcha makala, nazo zapita, popanda wodziwa kuti zidalipo.

Ndipo si zonse zomwe zili adani. Mizu ya Hydnora imagulitsidwa m'misika ya mankhwala azitsamba ku South Africa, komwe anthu amaifuna pa matenda a m'mimba. Timadzi tija tidapezeka pofufuza kaufiti tidadzadziwika m'chaka cha 2008 kuti ndi tomwenso timalamulira kaphukidwe ka nthambi m'zomera zambiri, nzeru yomwe ikuthandiza opanga mbewu zamakono. Ku Kenya, bungwe la ICIPE lidapeza kuti chomera cha m'gulu la nyemba chotchedwa Desmodium chikabzalidwa pakati pa mizere ya chimanga chimafooketsa kaufiti kwambiri, uku chikupereka chakudya cha ziweto. Zonsezi zidayamba ndi munthu wogwada pansi n'kuyang'anitsitsa kachomera komwe ena ankangokaponda.

Choncho pali ntchito yoti aliyense agwire. Aphungu akamagawa ndalama za boma asamaione nyumba yosungiramo zomera ngati malo ojambulirako zithunzi za ukwati chabe. Malo otere amafuna makabati osalowa tizilombo, galimoto ndi mafuta opitira kutchire nthawi ya dzinja pomwe zomera zili ndi maluwa, ndi malipiro osunga akatswiri kuti asathawe. Dziko lomwe limathira ndalama zankhaninkhani pa feteleza wotsika mtengo silingalephere kupatula kangachepe kodziwira yemwe akudya fetelezayo pansi pa nthaka.

Sukulu za ukachenjede ziphunzitse achinyamata luso losiyanitsa ndi kulemba zomera, chifukwa anthu a lusoli ndi ochepa padziko lonse. Unduna wa zamalimidwe uonetsetse kuti mlangizi aliyense ali ndi zithunzi zamitundu zosonyeza kaufiti wofiira, wachikasu ndi uja wa mu mpunga, ndiponso akudziwa komwe angatumize chomera chomwe chamuzunguza. Ofufuza akafika m'mudzi alembenso dzina lomwe eni dera amachitchula chomeracho ndi ntchito yomwe amachigwiritsa. Chatsopano kwa asayansi nthawi zambiri chimakhala chakale kwa agogo, kwa asing'anga ndi kwa anyamata oweta ng'ombe.

Mabanja nawo ali ndi mbali yawo. Kaufiti azulidwe asadachite maluwa kapena atangoyamba kumene, ndipo wozulidwayo atulutsidwe m'munda n'kutenthedwa, osati kuponyedwa mu mzere momwe njere zake zingakhwimire. Manyowa athiridwe, mbewu zisinthidwe, khasu lochokera m'munda wogwidwa litsukidwe lisadalowe m'munda wina. Ochita malonda a mbewu m'misika adziwe kuti thumba losapeta bwino litha kusamutsa vuto la boma lina kupita nalo ku boma lina. Ndipo chikatuluka chomera chachilendo m'munda, m'dimba kapena pansi pa mtengo, chanzeru n'kuchijambula pa foni, kuona chomwe chamera pafupi nacho, n'kukauza mlangizi kapena wa zankhalango. Ana asukulu atha kuchita bwino ntchito imeneyi kuposa wina aliyense, pakuti ndiwo amadziwa ngodya iliyonse ya dambo.

Pali chifukwa chinanso chomwe nkhaniyi ikuyenera kufika pabwalo la amfumu. Dzina loti kaufiti lidabwera chifukwa anthu ankaona mbewu ikufota popanda choifotetsa chooneka ndi maso. Azungu nawo adamutcha dzina la tanthauzo lomwelo m'chinenero chawo. Munda wina ukakanika pomwe wa mnzake wa m'malire wachita bwino, pakamwa sipachedwa kutuluka mawu oti wina wakawa chimanga, ndipo chala chimaloza kwa agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi. Okalamba ena adachitidwa nkhanza m'dziko muno kaamba ka mphekesera za ufiti, ngakhale lamulo la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mudzi womwe ukudziwa kuzula phesi lopinimbira n'kuona timizu ta kaufiti titamatirira pa mizu ya chimanga suchedwa kupeza wakuba weniweni, ndipo agogo aja amagona tulo.

Mlimi safunika kuloweza Chilatini. Chomwe akufunika n'chakuti akanyamula kachomera kachilendo n'kupita nako kwa mlangizi, pakhale njira yoti kafike kwa munthu wodziwa, ndipo yankho libwerere mvula ina isadagwe. Timaluwa tofiira tija tidzatulukanso chaka chamawa, ndipo mwina pambali pake padzatuluka china chomwe sichidalembedwepo. Zikadzatero, pakhale Mmalawi wodziwa kuchikumba, kuchiyeza ndi kuchipatsa dzina.